Mankhwala Afulumira, Ocedwa Ndi Anthu

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unacita m'caka ca 2017 anasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akulu asanu alionse m'Zambia ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene anthu awachula BP. Ambiri a iwo sadziwa konse kuti adwala, kufikira tsiku limene mutu uwawa koopsa, maso acita cidima, lilime lilemera, kapena cifuwa cithina. Cipimo cikapitirira 180/120, ndipo ubongo, mtima kapena impso zayamba kuonongeka, imeneyo ndi ngozi yofuna cipatala nthawi yomweyo.

Pa ngozi yotere adokotala sadalira mapilitsi, pakuti pilitsi liyamba lasungunuka m'mimba lisanalowe m'magazi. Amlodipine, amene odwala ambiri amamwa tsiku ndi tsiku, atenga maola 6 mpaka 12 kuti akhute m'magazi. Koma mankhwala obaya mumtsempha alibe ulendo wautali wotere. Labetalol ayamba kugwira nchito m'mphindi 5 mpaka 10. Hydralazine, wodziwika bwino kwa azamba, atenga mphindi 10 mpaka 20. Sodium nitroprusside, wolowa ndi dripu, agwira mphindi imodzi isanathe, ndipo mphamvu yake itha patangopita mphindi zocepa dripu atatsekedwa. Ndico cifukwa cace aperekedwa m'cipinda ca odwala kwambiri, momwe namwino apima magazi kosalekeza.

Ngakhale mankhwalawa ali ndi liwiro lotere, dokotala wodziwa nchito sagwetsa BP mwadzidzidzi. Kawirikawiri, m'ola loyamba atsitsa cipimo ndi gawo losapitirira limodzi mwa magawo anai. M'maola 2 mpaka 6 otsatira acifikitsa kufupi ndi 160/100, kenaka acitsitsa pang'onopang'ono m'tsiku limodzi kapena awiri. Thupi limene lakhala zaka ndi magazi othamanga lazolowera mphamvu imeneyo. Ikagwa msanga, ubongo ndi impso zisowa magazi, ndipo wodwala angathe kufa ziwalo cifukwa ca cithandizo comwe cinayenera kumpulumutsa. Cotero acibale asaime pakhomo pa wodi ndi kunyoza anamwino poona kuti cipimo cikali pamwamba. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiponso pasapezeke munthu womwetsa wodwala mapilitsi owirikiza kunyumba pofuna kutsitsa BP mwa nkhondo.

Koma kudekha kumeneku nkwa dokotala amene wodwala ali kale m'manja mwace. Kwa banja limene lili kumudzi kapena kukomboni, kudekha ndi imfa. Mankhwala ofuna mphindi 10 alibe phindu kwa munthu amene wagonekedwa pamphasa masiku awiri, abale ali kukangana ngati walodzedwa kapena ai. Pamene iwo ali kufunafuna wolodza, mitsempha ya muubongo ili kuphulika.

Amai apakati ndiwo ofunika changu koposa. Mai woyembekezera akafika pa 160/110, ayenera kulandira mankhwala otsitsa BP ola limodzi lisanathe, ndipo kawirikawiri apatsidwanso magnesium sulphate kuti asagwe ndi kuphiriphitha. Mutu wosaleka, kutupa nkhope ndi kuona nyenyezi m'maso si zinthu zodikira tsiku la sikelo.

Udindo uli mbali ziwiri. Boma liyenera kuonetsetsa kuti cipatala ca m'boma lililonse cili ndi mankhwala amenewa, makina opimira ogwira nchito, ndi ambulansi yokhala ndi mafuta, kuti wodwala wa ku Lundazi kapena Chadiza asataye moyo pamseu. Nawo anthu apimitse magazi ao asanadwale, amwe mapilitsi monga mwa malangizo ngakhale amva bwino, acepetse mcere m'ndiwo, ndipo zizindikiro zoopsa zikaoneka anyamuke usiku womwewo. Sayansi yafupikitsa nchito ya mankhwala kufika pa mphindi zowerengeka. Cotsala nkufupikitsa ulendo wa wodwala.