Madzi a Shire si chiweruzo chomaliza

Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuli maulaliki awiri amene satha. Wina umamveka madzi akasefukira, woti Mulungu wakwiyira anthu a kuchigwa. Winawo umamveka pamaliro, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Mlaliki amaloza kumwamba n'kufunsa kuti, ngati kutentha kwa ku Bangula kukutikanika, nanga moto wa Gehena tidzaupirira bwanji mpaka kalekale? Ine ndikuti maulaliki onse awiriwa amanamizira Mulungu, ndipo ife Aadiventi, amene timati nkhani ya chiweruzo timaidziwa, takhala chete mopitirira muyeso.

Tiyambe ndi madzi. Mu Januwale 2015 midzi ya kutsidya la kum'mawa kwa Shire inamira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, magetsi n'kuvuta dziko lonse kwa miyezi yambiri. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Ngati zonsezi ndi chilango cha machimo, ndiye kuti mayi wa ku Makhanga wolima mapira ndi mbatata ndi wochimwa kuposa wakatangale wa mumzinda amene nyumba yake ili pamtunda. Ndani angavomere zimenezo? Madzi amatsata kotsika. Mitengo ya m'mapiri inathera makala, dothi likukokolokera mu Ruo, Mwanza ndi Shire, mitsinje yadzaza mchenga, ndiye mvula ikachuluka madzi amasowa njira. Pa Luka 13 Yesu anakamba za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera. Anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo, ndipo mawu oti alape anauza amoyo amene ankamumverawo.

Za moto ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa amene amazimva ndi anamfedwa. Taganizani mayi amene mwamuna wake anakokoloka ndi madzi, ndipo bamboyo kutchalitchi sankapita. Ali pasiwa, maso atatupa, akuuzidwa mozungulira kuti mnzakeyo panopa akupsa, ndipo adzapsa zaka zosawerengeka. Kodi mayi ameneyu angam'konde Mulungu wotero? Kumuopa angamuope, ngati mmene timaopera ng'ona padooko.

Baibulo silinena choncho. Mlaliki 9:5 amaphunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu. Yesu anatcha imfa ya Lazaro tulo. Palibe amene akupsa lero, pakuti mlandu sunathe. Ndipo chilango chikadzafika, Malaki 4 akuti oipa adzanyeka ngati chiputu, osatsala muzu kapena nthambi. Aliyense amene anaonapo munda wa nzimbe ukutenthedwa ku Nchalo akudziwa kuti moto umalilima koopsa, koma zoyaka zikatha umazima. Yuda 7 amatchula moto wosatha wa ku Sodomu, koma Sodomu sakuyaka lero. 2 Petro 2:6 akuti anasanduka phulusa. Chosatha ndi zotsatira zake: wotayika sadzabwereranso. Nchifukwa chake Chivumbulutso 20 chimatcha mapeto amenewa imfa yachiwiri. Moyo wosatha ndi mphatso ya opulumutsidwa okha, monga Aroma 6:23 akufotokozera. Wochimwa angakhale bwanji m'moto mpaka kalekale popanda kupatsidwa moyo womwewo?

Anzathu a mipingo ina amatiyankha ndi nkhani ya mwini chuma ndi Lazaro pa Luka 16, ndipo funso lawo n'lomveka. Koma limeneli ndi fanizo, lonena za munthu amene ankadumpha wosauka pakhomo pake tsiku ndi tsiku. Ena amati tikachotsa moto wosazima anthu adzatayirira. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timadziwa kuti kalasi yolamulidwa ndi chikwapu imakhala bata pokhapokha mphunzitsi ali pomwepo.

Nafenso tisadzinyenge. Pamisonkhano yathu yokopa anthu nthawi zina timaonetsa zilombo za m'buku la Danieli ndi kulongosola za 1844 m'njira yoti mwana amachoka akunjenjemera, akuganiza kuti dzina lake likatchulidwa usiku uno watha. Timaiwala kumuuza kuti amene akuimira mlandu wakewo ndi Yesu yemwe anamufera. Moto tinauchepetsa masiku, koma mantha tinawasunga.

Chiweruzo chilipo ndithu, ndipo Mateyu 25 akutiuza mafunso ake: wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala, wam'ndende. Mvula ikavuta, anthu otere amadzaza m'makalasi a sukulu za kuchigwa amene amasanduka misasa, ana n'kukhala masabata osaphunzira. Ntchito imeneyi tisangoisiyira a ADRA. Ambiri a ife tchuthi cha Disembala tidzakhala kumudzi, mvula itayamba. Kukagwa maliro tikagone nawo pasiwa, titanyamula kaufa ndi nkhuni, ndipo akatipatsa mpata woyankhula tikawerenge 1 Atesalonika 4, kuyambira ndime 13.