WANTCHITO WA BOMA AGONE KUMENE KULI ANTHU

Anthu a m'boma la Mwanza safunika kuphunzitsidwa kulandira alendo. Kuyambira mu 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa, Malaŵi analandira anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri anayamba adyera m'mbale za anthu a m'midzi asanaloŵe m'misasa monga wa Luwani. Zomwezi zinachitikanso mu 2016, pamene anthu pafupifupi 10,000 ochokera m'chigawo cha Tete anaunjikana m'mudzi wa Kapise.

Nanga ife antchito a Boma ndi atsogoleri a Chipani tinali kuti? Tisabisane. Enafe tinali kufika ndi galimoto dzuŵa litakwera, kuŵerenga mitu, kusaina alawansi, ndi kubwerera kukagona pa Boma.

Mphwanga wina anadzipereka kuthandiza popanda malipiro pamene anthuwo anali kusamutsidwira ku Luwani. Posoŵa ndalama za malo ogona, anasungidwa ndi banja lina la Chisilamu lochokera ku Mangochi, lochita malonda ku Mwanza. M'mwezi wa June, Ramadani inampeza m'nyumba imeneyo, iye ali Mkhristu. Mayi wa panyumbapo anali kudzuka usiku kuphika daku, komabe masana anali kumsiyira mlendo wao nsima yovundikira bwino, iwo osalaŵa ngakhale madzi. Mnyamatayo anachita manyazi, nayamba kusala nawo pamodzi ndi kumasula nawo madzulo ndi futali. Palibe amene anamuuza kuti asinthe mpingo. Bambo wa panyumbapo anali kumpatsira ufa wokapereka kwa othaŵa nkhondo, anthu amene sanali a chipembedzo chake, ndipo tsiku lina anati: “Mwanangu, njala yathu ikutha dzuŵa likaloŵa, koma ya anzathuwa ilibe nthaŵi.”

Zimene mnyamatayo anaphunzira m'mwezi umodziwo sizipezeka m'mafaelo a mu ofesi. Ndipo n'zofunika pa malire athu, pakuti Amalaŵi ambiri obwerera kuchokera ku Johannesburg ndi Durban podzera pa chipata cha Mwanza ndi Asilamu a ku Mangochi ndi Machinga. Wantchito wosadziŵa za kusala adzawagaŵira chakudya masana, ndipo akakana adzawatcha amwano.

Ena adzati kugona m'mudzi kumachotsa ulemu wa bwana. Ulemu wotere ngwachitsamunda, ndipo tinausiya mu 1964. Ena adzati tidzalemetsa anthu osauka kale. Pamenepo pali nzeru, koma yankho lake nlapafupi: ndalama imene Boma limapereka ya malo ogona ipite kwa mwini nyumba amene wasunga wantchitoyo.

Kotero tikupempha apampando a nthambi ndi a madera a m'malire kuti akhale pansi ndi mafumu, mashehe ndi abusa, alembe maina a mabanja ofuna kusunga otumidwa, ndipo mndandandawo ukafike kwa Bwanamkubwa alendo ena asanagogode.