M'mera Mpoyamba: Za Buku Loyamba la Spider-Man

Makolo anzanga a kuno ku Highlands ndi kwina konse m'Livingstone, ana athu akondetsa ngwazi za m'zithunzi, zouluka ndi zokwera zipupa. Chiyambire 2023, pamene Malenga Mulendema, mwana wa Zambia, anatulutsa katuni ya Supa Team 4 yonena za atsikana anayi a m'Lusaka, ngwazi zotere sizilinso za kutsidya kwa nyanja kokha. Tsono mwana akabwera ndi buku loyamba la nkhani yotere, kodi tim'lole awerenge?

Ine nditi inde, chifukwa buku loyamba ndilo liulula mtima wa ngwaziyo: kumene inatenga mphamvu ndi chimene ichita nazo.

Titenge Spider-Man, amene Stan Lee ndi Steve Ditko anamuonetsa koyamba mu 1962 m'buku la Amazing Fantasy nambala 15. Peter Parker ndi mnyamata wamanyazi woleredwa ndi atate ake aakulu, a Ben, ndi akazi awo, monga aleredwera ana ambiri pakati pathu. Atalumidwa ndi kangaude wa m'chipinda cha sayansi, apeza mphamvu zodabwitsa. Koma sayamba ndi kuthandiza anthu; ayamba ndi kufuna ndalama ndi kutchuka pa wailesi ya kanema. Tsiku lina mbala yothawa wapolisi idutsa pafupi naye, iye nailekerera, poti si ntchito yake. Patapita masiku, mbala yomweyo ipha a Ben.

Masamba 11 okha, koma phunziro lake nlolemera: munthu amalakwa osati pa zochita zokha, komanso pa zabwino zimene analeka kuchita. Nafenso timavomera zomwezo poyamba Misa.

Komabe si buku lililonse loyenera mwana. Ena alembedwera akulu, ndipo adzala ndi mwazi ndi zithunzi zosalongosoka. Chomwecho yambani mwawerenga inu, amayi kapena abambo. Sizitenga ndi theka la ola lomwe. Ngati ngwaziyo ingobwezera adani, liikeni padera. Ngati iteteza ofooka, khalani pansi ndi mwanayo muwerengere limodzi, ndipo pomaliza mum'funse kuti: “Iwe ukadakhala Peter, mbala ija ukadaitani?” Yankho lake lidzakudziwitsani mwana amene mukulera.