Za M'banja: Kanyali Kakamaphethira

Masiku ano m'nyumba zambiri muli kabokosi kotchedwa rauta, kamene kamatibweretsera intaneti. Kanyali kake kakayamba kuphethira ndipo intaneti nkuduka, mtendere umathawa. Ife makolo timathamangira kukalipira ana kuti aononga, pamene ntchito yao ya kusukulu yaima.

Tisafulumire kuweruza. Kuphethira konse si vuto ai. Kanyali kobiriwira kophethira mofulumira kawirikawiri kamangosonyeza kuti mauthenga alikudutsa. Kodetsa nkhawa ndi kofiira, makamaka kolembedwa LOS pa rauta ya fayiba, pakuti katanthauza kuti kuwala koyenda m'chingwe sikulikufika.

Nanga tichitenji? Poyamba tione ngati zingwe zonse zalowa bwino. Kenaka tizule rautayo ku magetsi, tiwerenge mpaka 30, tiilumikizenso, ndi kudikira mphindi 3. Ngati ili ya simukhadi, tione kapena bandulo yatha.

Zinthu ziwiri tipewe. Tisatose kabowo kolembedwa Reset, pakuti kutero kumafafaniza dzina ndi pasiwedi zimene tinaika. Ndiponso tisasuzumire m'chingwe cha fayiba. Kuwala kwake sikuoneka, koma kungapweteke diso. Zonsezi zikakanika, tiimbire a kampani ndi kuwauza mtundu wa kanyaliko.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tsono, makolo anzathu, tikapeza kuti bandulo ndiyo inatha, tisachite manyazi kupepesa kwa mwana amene tinamkalipira pachabe. Ndipo inu achinyamata odziwa zimenezi, aphunzitseni makolo anu mwaulemu.