Malaiti a dzuwa a ku Chisamba afike ku kiliniki ndi ku mpope

Pa 30 June 2025, Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegula malo aakulu opangila malaiti ndi mphamvu ya dzuwa ku Chisamba, m'cigawo capakati. Malowa anamangidwa ndi kampani ya PowerChina ndipo amapanga mamegawati 100. Ambili anaimva nkhaniyi monga ya anthu a migodi ndi a malonda, koma ikhudzanso umoyo wa banja lililonse la m'komboni, kaya ku Kapata, ku Mchini kapena ku Navutika.

Malaiti ambili a m'Zambia amacokela ku madzi a ku Kariba, Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi. Mvula itakana, boma linalengeza mu February 2024 kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika kwambili ku Kariba, ndipo pofika mu September caka comweco nyumba zambili zinali kukhala maola 21 pa tsiku zopanda malaiti.

Malaiti akathima, coyamba kuvuta ndi madzi. Makina opopa madzi amaima, mipope imauma, ndipo azimai amapita kukatunga ku zitsime zosazama zimene zili pafupi ndi zimbudzi. Umu ndi mmene kolela ndi matenda ena otsegula m'mimba amafalikila. Kolela imene inabuka ku Lusaka mu October 2023 inagwila anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, mpaka bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala. Komboni imene yauma mipope kwa masiku angapo ili pa ngozi yotelo.

Caciwili ndi utsi. Sitovu ikazilala, banja limabwelela ku mbaula ndi nkhuni. Utsi wa m'nyumba umabweletsa cifuwa ndi cibayo kwa ana aang'ono, makamaka amene ali kumsana pamene mai akuphika. Malasha oyaka m'cipinda cotseka amatulutsanso mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo.

Cacitatu ndi mankhwala. Katemela wambili wa ana afunika kukhala m'filiji pa madigili 2 mpaka 8, apo ayi amatha mphamvu. Insulin ya odwala shuga nayonso imaonongeka ndi kutentha. Makina opatsa odwala mpweya sagwila nchito popanda malaiti, ndipo nasi sayenela kubeleketsa mai ndi kuunika kwa foni.

Conco n'koyenela kuyamika nchito ya ku Chisamba. Caka ca cilala ndico caka ca dzuwa lambili, motelo dziko limene lili ndi madzi ndi dzuwa lomwe siligwa msanga mvula ikakana. Malowa aonjezela pa ena amene analipo kale, monga Bangweulu ndi Ngonye ku Lusaka, amene anatsegulidwa mu 2019, ndi Itimpi ku Kitwe, amene anatsegulidwa mu 2024.

Ena adandaula kuti malaiti a ku Chisamba anakonzedwa kuti apite ku migodi ya First Quantum Minerals, osati ku nyumba za anthu. Yankho limene linapelekedwa n'lakuti mgodi ukatenga malaiti a dzuwa, aja amene unali kutenga kwa a ZESCO amatsalila anthu ena. Yankholi n'lomveka, koma anthu ali ndi ufulu wofunsa kuti otsalawo akupita kuti. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Mamegawati ochulidwa pa wailesi sathandiza mai wa pakati ngati wodi ya azimai ili mu mdima.

Enanso akuti dzuwa siliwala usiku, pamene mabanja amaphika ndiponso pamene azimai ambili amacila. Izi n'zoona. Koma malaiti a dzuwa akagwila nchito masana, madzi a ku Kariba amasungika kuti akazunguze makina madzulo. Cofunika n'cakuti malo ena amene adzamangidwa akhale ndi mabatile aakulu osungila mphamvu ya masana.

Pali zinthu zitatu zimene makansala, aphungu ndi makomiti a zaumoyo a m'makomboni ayenela kulimbikila. Coyamba, zipatala, makiliniki ndi makina opopa madzi akhale pa nthambo zimene sizithimitsidwa pamene malaiti akugawidwa. Caciwili, kiliniki iliyonse ikhale ndi mapanelo ake pa denga, mabatile ndi filiji ya katemela, pakuti nthambo yocokela kutali ikhoza kuduka ndi mphezi kapena kubedwa. Cacitatu, paikidwe ndalama ndi anthu ophunzila okonza zipangizozi, cifukwa batile imatha ndipo panelo yodzala fumbi imacepa mphamvu.

Mabanja naonso ali ndi mbali yao. Madzi akumwa awilitsidwe kapena athilidwe klolini, ndi kusungidwa m'cigubu cotseka. Mbaula iyakile panja, ndipo isalowe m'cipinda cogona ngakhale mu June kukazizila. Ndiwo zimene zakhala m'filiji yothima kwa maola ambili ziphikidwenso mpaka zitabwata, ndipo zokaikitsa zitaidwe. Odwala shuga afunse a nasi njila yabwino yosungila insulin pa nthawi imene kulibe malaiti.

Cilala cidzabwelanso monga cinabwela mu 1992, mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024. Pa nthawiyo phindu la malo a ku Chisamba lidzaoneka ngati mpope wa m'komboni ukutulutsa madzi, ndiponso ngati mwana wopita ku sikelo apeza katemela wosungidwa bwino.