Mwase akanalemba lero, akanatukwanidwa

Pa 15 January chaka chilichonse anthu amakhamukira ku PIM, ku Mbombwe, kukakumbukira John Chilembwe, ndipo nkhani yake imafotokozedwanso m'maulaliki, m'ndakatulo ndi m'masewero a ana asukulu. Wofotokoza aliyense amathiramo kake. Mwambowu suli wa lero.

George Simeon Mwase, Mtonga wa ku Nkhata Bay, analemba za kuwukira kwa Chilembwe kwa 1915 cha m'ma 1932. Ku Mbombwe usiku wa kuwukirako, pa 23 January, iye kunalibe. Zambiri anazimva ali m'ndende kwa Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu a Chilembwe, koma sanaope kuika mawu m'kamwa mwa mbusa Chilembwe ngati kuti anali pomwepo. Robert Rotberg atasindikiza zolembazo mu 1967 pa mutu wakuti Strike a Blow and Die, akatswiri a mbiri anayamba kufunsa kuti zoona n'ziti, zopeka n'ziti. Anafunsa zolembazo. Mtundu wa mlembi sunali mlandu.

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Namitambo kapena ku Nguludi amene lero wapitiriza nkhani ya Tikuferanji m'njira yakeyake, kapena wapatsa Sikusinja ndi Gwenembe mathero ena n'kutumiza pa gulu la alembi la WhatsApp, mwayi wotere saupeza kawirikawiri. Woyamba amayankha kuti Chichewa chake n'chothyoka. Wachiwiri amafunsa kuti sukulu analekeza kalasi yanji. Pofika wachisanu, nkhani yaiwalika. Akukamba za nkhope yake, za kwawo, ndipo akakhala wamkazi, za amuna. Enawo angotumiza tizithunzi toseka. Mawa lake mlembiyo watuluka pagulu, osalembanso.

Kudzudzula kwenikweni kumaloza malo: ndime yachitatu ikukoka, agogo awa akulankhula ngati mphunzitsi wa ku yunivesite, imfa iyi yabwera popanda chifukwa. Wolemba angathe kubwerera pa pepala n'kukonza. Nanga wouzidwa kuti ndi mbuli akakonze chiyani?

Malawi anaonapo njira ina. Gulu la alembi la ku Chancellor College, limene linayamba mu 1970, linkakumana sabata iliyonse. Ndakatulo inkachulukitsidwa pa makina, n'kuwerengedwa pamaso pa onse, ophunzira ndi aphunzitsi omwe, kenako n'kusendedwa mzere ndi mzere. Mu 1971 gululi linatulutsa Mau, buku la ndakatulo 39. Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula ndi Anthony Nazombe anadzera m'gulu lomwelo. Sankanyengererana, koma wodzudzula ankadziwa kuti sabata ina ndakatulo yake nayo idzakhala pa tebulo lomwelo. Magulu ambiri a pa foni alibe zimenezi: wolalata kwambiri nthawi zambiri ndi amene sanatumizepo ngakhale ndime imodzi.

Alembi nawonso ali ndi mbali yawo. Ena akangouzidwa kuti chiyambi n'chofooka, basi, akuti ndi nsanje. Ayi ndithu, nthawi zina chiyambicho chimakhaladi chofooka.

Koma chipongwe n'china. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti. Zisanafike kupolisi ku Chiradzulu boma, woyang'anira gulu ali ndi batani lochotsera wotukwana, ndipo ambiri saligwiritsa ntchito chifukwa wotukwanayo ndi amene amaseketsa gulu.