Geti ya ku Ibex Hill manje ifuna thumba lolemera

Amene mumalota zopita ku America, nkhani yasintha. Kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, munthu wa pasipoti ya Zambia kapena Malawi amene afuna viza yoyendera kapena ya bizinesi, ija amati B1/B2, anayenera kusiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Amene asankha mtengo ndi ofisa wokufunsani mafunso, osati inu. Chikole chaching'ono chokha chinapitirira K100,000 mu 2025.

Tengani mtsikana wina wa ku Kapata amene mkulu wake akwatiwa ku Texas. Kalata yomuitana ali nayo, chitenje cha ukwati anasoketsa kale. Ulendo wake uyamba usiku, basi ya m'mamawa, kudutsa Mtenguleni kukali mdima, Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, makilomita oposa 550 mpaka pa Intercity. Akatero Yango kupita ku Ibex Hill, kumapeto kwa Kabulonga Road, kumene kuli embase ya America. Malo ogona ku Kabulonga si a thumba lake, so agona kwa azakhali ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, makomboni amene agundana ndi mipanda ya anthu olemera. Foni salowa nayo mkati. Madola 185 a fomu analipira kale, ndipo amenewo sabwerera olo amukane.

Wina angati, bwanji osangodumpha pa Mwami, Lilongwe ili pafupi apa? Iyayi. Mu Seputembala 2025 boma la America linanena kuti munthu azipempha viza m'dziko lakwawo kapena limene akhala. Wa ku Chipata njira yake ndi Great East Road basi.

Chifukwa chimene apereka ndi chakuti anthu ambiri sabwerera nthawi yawo ikatha. Lipoti lawo la 2023 likuti mwa a Zambia 100 olowa ndi viza imeneyi, pafupifupi 11 anakhalitsa. Tisanamizane, tonse tidziwako mnyamata amene ati apita ku msonkhano wa tchalitchi wa masabata awiri, manje zaka zapita angotumiza zithunzi pa WhatsApp ali mu jekete la chisanu. Koma bwanji za 89 aja amene anabwerera bwinobwino? Ndiwo alipira mlandu wa anzawo.

Ndipo chikole chimenechi, kwa ine, chisefa anthu olakwika. Amene watsimikiza zokatsala kumeneko angagulitse poloti, kusiya ndalamazo n'kuziyesa mtengo wa tikiti. Amene alephera ndi mphunzitsi wofuna kukaona mwana wake akumaliza maphunziro, kapena mayi wokathandiza mwana wake amene wabereka kumene. Inde, ndalama zimabwezedwa ukatuluka m'nthawi yake. Koma uzipeze kuti poyamba? Kwa a kaloba, chiwongoladzanja chake sichidikira kuti ubwere. Mu 2025 kunalinso lamulo lakuti ulowere ndi kutulukira pa mabwalo a ndege atatu chabe: Boston, JFK ku New York ndi Dulles ku Washington. Wa ukwati wa ku Texas akanawonjezera ndege ina.

Chimene chiwawa maningi n'chakuti mbali inayo chitseko chili pululu. Kuyambira 2022 mzungu wa ku America alowa mu Zambia popanda viza. Mu Febuluwale timamuona pa Nc'wala ku Mtenguleni, kamera pakhosi, akujambula impi za Inkosi ya Makosi Mpezeni, mawa lake ulendo wa ku Mfuwe kukaona njovu. Boma linachita zimenezi pofuna ndalama za alendo, ndipo a malo ogona ndi oyendetsa ma taxi ku Chipata sangadandaule nazo.

Chenjerani ndi "ma agent" amene ayamba kale kunong'oneza pa Facebook kuti adziwa munthu mkati. Chikole chilipiridwa pokhapokha ofisa wakuuzani yekha pa tsiku la mafunso, ndipo chipita pa webusaiti ya boma la America yotchedwa Pay.gov, osati pa mobile money ya munthu. Mukalipira musanauzidwe, viza mulibe, ndalama nazo zapita. Mu 2025 viza ya ophunzira inalibe chikole chimenechi.